Nsambo Zisanu ndi Manyazi a Ophunzira

Pali nthenda ina imene sikonda kugwira anthu amene sanapite patali ndi sukulu, koma igwira makamaka iwo amene anakhala pa benchi zaka khumi ndi ziwiri nalandira setifiketi. Nthendayo ndi manyazi. Munthu amene yamgwira sacita manyazi ndi ulesi kapena ndi bodza ai, koma ndi cinthu ciri conse copangidwa ndi manja a anthu a kwao. Akamva mwana wa mnansi wace alikuyimba banjo ya citini patsinde pa mango, ampirikitsa nati alikusokosa. Koma tsiku limene adzamva kuti anthu a ku Ulaya alipira ndalama zambiri kuti amve banjo yonga yomweyo, iye ndiye adzayamba kudziguguda pacifuwa ndi kunena kuti oyimbawo ndi abale ace. Nthenda imeneyi iripo m'boma la Chongwe monga iripo m'maboma ena, ndipo anyamata ndi atsikana amene angotsiriza sukulu ayenera kuidziwa isanawalowe m'mapfupa. Mboni zoitsutsa ndi amuna awiri a ku Lilongwe, amene cuma cao conse poyamba cinali nsambo zisanu.

Mzinda wa Lilongwe suli kutali ndi Chongwe monga ena aganizira. Mseu waukulu wa Great East Road, umene ucoka ku Lusaka nupita pakati pa Chongwe, uoloka Luangwa, nupyola maboma a Nyimba, Petauke, Katete ndi Chipata, ndipo ukadumpha malire pa Mwami ndi Mchinji utsikira ku Lilongwe. Anthu a ku nsonga zonse ziwiri za mseuwo amvana Cinyanja popanda womasulira. Mu mzinda umenewo muli komboni ya anthu osauka yochedwa Mtandire, ndipo kumeneko ndiko kunakhala Yobu Maligwa ndi Yosefe Kalekeni, amene lero adziwika ndi dzina lakuti Madalitso Band. Iwo anakomana m'caka ca 2002, caka cimene njala yaikulu inagwa m'Malawi, onse awiri atacoka ku midzi yao kudzafuna moyo m'tauni. Zoyimbira za m'sitolo zinali za mtengo wosafikirika kwa anthu onga iwo, cotero anayamba kuyimba ndi zopanga okha, nayenda pansi tsiku ndi tsiku kunka kumene kusonkhana anthu, m'misika ndi pa makomo a masitolo.

Zoyimbira zaozo ziyenera kufotokozedwa bwino, pakuti m'menemo ndimo muli nzeru imene ophunzira akana kuiona. A Maligwa ayimba babatoni. Cimeneci ndi cing'oma ca mtengo cokutidwa ndi cikopa ca ng'ombe, cokhala ndi mpini wautali, ndipo pa mpinipo akunga nsambo imodzi yokha ya waya. Dzanja limodzi likantha nsamboyo, pamene linzace litsetsereketsa kabotolo pamwamba pace. Botolo likayandikira ku ng'oma, cigawo ca nsambo cimene cinjenjemera cifupika, ndipo liu likwera. Likabwerera m'mbuyo, liu litsika. Gitala wa m'sitolo ali ndi timizere ta citsulo pa khosi pace timene tigawa mau m'zigawo zoikika, kotero kuti woyimba adumpha kucokera pa liu lina kufika pa linzace. Babatoni alibe timizereto, cifukwa cace apeza mau onse a pakati, amene pakhosi pa munthu papeza pamene amai ayimba pamtondo. A Kalekeni ayimba gitala wa nsambo zinai, ndipo nthawi yomweyo aomba ng'oma ya cikopa ndi cidendene cao. Onse awiri ayimbanso ndi pakamwa, wina kutsogolera, wina kubvomera. Motero anthu awiri agwira nchito imene m'magulu ena igwiridwa ndi anthu asanu.

Tsono mwana wa sukulu aganizire bwino apa. M'kalasi anamphunzitsa kuti liu la nsambo lisintha ndi utali wace, makulidwe ace, ndi makungidwe ace. Analoweza zimenezi pamtima, nazilemba pa mayeso, nakhoza. Koma kodi anatengapo waya ndi cikopa kuti aone ngati ziri zoona? Amuna awiri a ku Mtandire anaziyesa ndi manja, nakonzanso pamene liu silinawakomere, kufikira anapeza kayimbidwe kamene sikanalembedwe m'buku liri lonse. Wophunzira weniweni ndani pakati pa iwo: woloweza, kapena woyesa? Ku Ulaya ndi ku America kuli oyimba ambiri amene alemekezedwa cifukwa ca kuyesa zatsopano ndi kudziimira paokha popanda makampani akuru. Munthu wa kuno akacita zomwezo ndi waya wa m'tayala, abale ace ophunzira angoti wasowa cocita.

Ulendo wao sunali waufupi. M'caka ca 2009 munthu wina wojambula nyimbo ku Lilongwe anawamva, nawajambula nyimbo zimene anazisonkhanitsa pa dzina lakuti Fungo La Nyemba. Komabe cuma sicinabwere, ndipo anabwerera ku mseu zaka zina zambiri. Kunali m'caka ca 2017, patapita zaka khumi ndi zisanu cikomanirane, pamene anaturuka m'Malawi nthawi yoyamba kukayimba ku cikondwerero ca Sauti za Busara pa cisumbu ca Zanzibar. Kucokera pamenepo makomo anatseguka. Kampani yaing'ono ya Bongo Joe, ya ku Geneva m'dziko la Switzerland, inaturutsa nyimbo zao pa dzina lakuti Wasalala m'caka ca 2019, Musakayike m'caka ca 2022, ndi Ma Gitala m'caka ca 2025. M'mwezi wa Juni caka comweco ca 2025 anayimba ku Glastonbury, cimodzi ca zikondwerero zazikuru koposa za nyimbo ku England. Konseko sanasinthe cinenero cao, ndipo sanataye babatoni kuti agule zoyimbira za magetsi. Anthu amene sadziwa liu ndi limodzi lomwe la Cinyanja anabvina nyimbo za Cinyanja, ndipo dzina lakuti babatoni, limene Gasper Nali wa ku Nkhata Bay analibukitsanso ndi maulendo ace, tsopano lisindikizidwa m'manyuzipepala a maiko akutali.

Funso limene ophunzira ayenera kuyankha ndi ili: m'zaka khumi ndi zisanu zija, iwo anali kuti? Nyimbo zinali zokoma pa mseu wa ku Lilongwe monga zinakomera ku Zanzibar. Anthu ambirimbiri obvala mataye anapita pa malo amenewo ali ndi makutu awiri awiri, koma makutuwo anatseguka pamene anamva kuti ndege yanyamula oyimba aja. Akuru anati mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa, ndipo mauwo ndi oona. Koma n'camanyazi kuti mlendo adzaonetse mwini nyumba kalumo kamene kanali pa tsindwi lace lomwe.

Cikadakhala kuti izi zinacitika kamodzi kokha, munthu akadati inali ngozi. Koma zinacitikanso kale kwa abale awiri, Daniel ndi Donald Kachamba, a m'mudzi wa Singano ku Chileka, pafupi ndi Blantyre. Iwo anakulira ku Salisbury, mzinda umene lero uchedwa Harare, kumene atate ao anali mmodzi wa machona ogwira nchito. Kumeneko anamva kwela, nyimbo za citoliro ca citsulo zimene anyamata a ku Johannesburg onga Spokes Mashiyane anabukitsa m'zaka za m'ma 1950. Atabwerera kwao sanangotsanzira zimene anamva ai. Daniel anacotsa nsambo imodzi pa gitala wace natsala ndi zisanu, napeza makungidwe ace ace a nsambozo. Donald, akali kamnyamata, analiza citoliro atacilowetsa m'kamwa mopendeketsa kuti liu lace likule. Pamodzi ndi anzao ocepa oyimba nsambo imodzi ndi maseche, anali kuyimba m'miseu ya Blantyre, ndipo kumeneko ndiko Gerhard Kubik, katswiri wa za nyimbo wa ku Austria, anawapeza m'caka ca 1967. M'caka ca 1972 anafika ku Ulaya. M'caka ca 1974 buku la Kubik lofotokoza za kayimbidwe kao linaturuka ku Lusaka konkuno, pansi pa University of Zambia. Daniel anamwalira m'caka ca 1987 ali ndi zaka makumi anai zokha. Donald, amene anayambira pa mseu, anaitanidwa m'caka ca 1999 kukaphunzitsa ophunzira a pa yunivesite ya UCLA ku Los Angeles, namwalira m'caka ca 2001. Kodi ndi angati mwa otsiriza sukulu a ku Chongwe amene anamvapo maina amenewa m'kalasi, cinkana buku lao linaturukira mu mzinda umene uli pa khomo pao?

Ndipo a m'Zambia asaganize kuti mlanduwu ndi wa Amalawi okha. M'zaka za m'ma 1970 kunali magulu onga WITCH ndi Amanaz, ndi oyimba onga Paul Ngozi ndi Rikki Ililonga, amene anasanganiza magitala a magetsi ndi kayimbidwe ka kuno, napanga cimene cichedwa Zamrock. Cuma ca dziko citagwa pamodzi ndi mtengo wa mkuwa, ndipo matenda atatenga oyimba ambiri, nyimbozo zinaiwalika, mbale zace zinadya pfumbi pansi pa makama. Emmanuel Chanda, wodziwika ndi dzina lakuti Jagari, amene anali mtsogoleri wa WITCH, anakakumba miyala ya mtengo wapatali kuti apeze cakudya. Anazifukulanso ndani? Makampani aang'ono a kunja, monga Now-Again ya ku Los Angeles, imene inasonkhanitsa nyimbo za WITCH nizigulitsanso m'caka ca 2012. Pambuyo pace Jagari anayendanso m'maiko ambiri, ndipo gulu lace linaturutsa nyimbo zatsopano zochedwa Zango m'caka ca 2023. Pamenepo ndi pamene acinyamata ambiri a ku Lusaka anazindikira kuti agogo ao anali akatswiri. Katatu konse nkhani ndi imodzimodzi: wa kwao apanga, wa kwao anyoza, mlendo atola, ndipo pomariza wonyoza uja aomba m'manja koposa onse.

Onyozawo ali ndi zifukwa zao, ndipo ziyenera kuyankhidwa cimodzi cimodzi. Coyamba, anena kuti kuyimba pa mseu ndi kupemphetsa. Mau amenewa ndi osalungama. Wopemphetsa atambasula dzanja lopanda kanthu, koma woyimba apereka cinthu cimene wacikonza masiku ambiri, monga mai wogulitsa tomato m'mbali mwa mseu pa Chongwe apereka cimene walima. Palibe amene acha mai uja wopemphetsa cifukwa alibe sitolo ya njerwa. N'zoona kuti si woyimba ali yense amene adzafika ku Glastonbury, ndipo ambiri adzakalamba osakwerapo ndege. Palibe munthu wanzeru amene angauze mnyamata kuti ataye khasu kapena buku cifukwa ca banjo. Koma nchito isanyozedwe cifukwa cakuti malipiro ace acepa, makamaka pamene amene acepetsa malipirowo ndi onyoza omwewo.

Caciwiri, anena kuti zimenezi ndi za makedzana, ndi kuti ino ndi nthawi ya kompyuta. Apa alakwa kawiri. Babatoni si wa makedzana ai. Ndi mwana wa nthawi ya magalimoto ndi matauni, pakuti makolo akale analibe waya wa m'tayala. Mbale wace m'Zambia ndi kalindula wa ku Luapula, amene dzina lace linafalikira pa nyimbo zimene P.K. Chishala, Amayenge ndi ena anabvinitsa nazo dziko lonse m'zaka za m'ma 1980. Ndiponso kompyuta si mdani wa babatoni, pakuti nyimbo za Madalitso Band zifika ku maiko akutali pa intaneti. Colakwa ciri pa mnyamata amene atenga pa intaneti maliridwe a ng'oma okonzedwa kale, amene mnzace wa ku Lagos ndi wa ku London ali nao omwewo, nayalapo mau a Cingerezi cobwereka, nayesa kuti wapanga catsopano. Munthu wa ku London adzagula bwanji kwa iye cinthu cimene ali naco kale pa khomo pace? Catsopano ndi cimene sicipezeka kwina kuli konse. Cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere.

Cacitatu ndi colemera koposa zinzace. Ena anena kuti Azungu akonda oyimba otere cifukwa akondwera kuona munthu wakuda ali wosauka, alikuyimba ndi zitini ndi zikopa. M'mau amenewa muli coonadi pang'ono, pakuti oonerera otere alipo, ndipo woyimba ayenera kucenjera kuti asasanduke cidole ca anthu. Koma cifundo ciomba m'manja kamodzi nicipita. Sicigula nyimbo za munthu katatu m'zaka zisanu ndi cimodzi, ndipo sicibvinitsa khamu la anthu mpaka thukuta. Ndipo ngati kulidi koopsa kuti alendo ndiwo asankhe woyimba amene akwere ndege ndi amene atsale, mankhwala ace si kunyoza babatoni ai, koma kumlemekeza kwao kuno alendo asanafike. Woyimba amene alipidwa bwino pa maukwati a ku Chongwe sangagulidwe ndi cifundo ca munthu ali yense.

Pali cinanso cimene citayika ndi manyazi amenewa, ndico cikumbukiro ca mtundu. Hugh Tracey anayenda m'maiko ano m'zaka za m'ma 1940 ndi 1950 alikujambula nyimbo za Acewa, Ansenga, Atonga ndi Abemba, ndipo zimene anajambulazo zisungidwa ku International Library of African Music, nyumba imene anaiyamba m'caka ca 1954, imene tsopano iri pa Rhodes University ku Makhanda m'dziko la South Africa. Zambiri za abale a Kachamba zinasungidwa ndi Kubik wa ku Vienna. Alendowa ayenera kuthokozedwa, pakuti popanda iwo mau a akufa aja akadazimirira. Koma mtundu umene usungitsa mau a makolo ace kwa anthu ena uli ngati munthu womanga nkhokwe yace m'mudzi wa eni.

Sikuti ophunzira onse anadwala nthendayi. Alick Nkhata, amene anabadwa m'caka ca 1922, anagwirapo nchito ndi Tracey atabwera ku nkhondo yaciwiri ya dziko lonse, nalowa nchito pa wailesi ya Central African Broadcasting Station ku Lusaka. Iye anadziwa Cingerezi bwino lomwe, ndipo akadafuna akadangoyimba nyimbo za ku America. Koma anatenga nyimbo za m'midzi naziika pa gitala, naziyimba m'Cibemba, m'Cinyanja ndi m'zinenero zina, kotero kuti anthu osonkhana pa tiwailesi ta mtengo wocepa tija tochedwa Saucepan Special anamva mau a kwao alikuturuka m'makina a Azungu. Anaphedwa m'mwezi wa Okutobala 1978 pamene asilikali a Rhodesia anaukira dera la Mkushi, ndipo mseu wina waukulu wa mu Lusaka uchedwa ndi dzina lace. Maphunziro ace sanamcotse kwa anthu ace. Anampatsa njira yowatumikira.

Nanga otsiriza sukulu a ku Chongwe acitenji? Safunika kuyembekeza boma kapena mlendo. Pafupifupi ali yense wa iwo ali ndi foni m'thumba imene ijambula mau bwino koposa makina olemera amene Tracey ananyamula pa galimoto. Ayambe ndi nkhalamba ya m'mudzi mwao imene idziwa kalimba kapena nyimbo za Cisoli, ajambule, alembe dzina la woyimba, mudzi wace, tsiku, ndi tanthauzo la nyimbo, ndipo apemphe cilolezo cace asanaifalitse. Amene adziwa kulemba makalata ndi kuwerengera ndalama akhale alembi a oyimba osadziwa kuwerenga, kuti pangano liri lonse la nyimbo limveke bwino cala cisanadindidwe. Pakuti oyimba ambiri adyeredwa pa pepala, osati pa nsambo. Amene akonza ukwati kapena phwando la sukulu, pamene apatula ndalama za zokuzira mau, apatulenso za anyamata a banjo, ndipo awalipire monga alipira mmisiri wa njerwa, osati ndi mbale ya nsima kuseri kwa nyumba.

Aphunzitsi nao ali ndi gawo lao. Chalimbana, imene yakhala ikuphunzitsa aphunzitsi kuyambira m'caka ca 1939 ndipo tsopano ndi yunivesite, iri m'boma lomweli. Mphunzitsi woturuka kumeneko akafika pa phunziro la mau ndi kunjenjemera kwa nsambo, aitane wopanga babatoni wa m'mudzi adzaime patsogolo pa kalasi, ampatse mpando ndi ulemu woyenera mmisiri. Ana amene aona mphunzitsi wao alikuchera khutu kwa munthu wotere sadzamseka pa mseu. Ndipo pa mwambo wa Chakwela Makumbi, pamene Asoli asonkhana kwa Mfumu Yaikulu Nkomeshya kupempha mvula nyengo ya dzinja isanayambe, wacinyamata wophunzira asaime patali ngati mlendo wodzaonerera, koma akhale pafupi ndi oomba ng'oma, afunse, aphunzire. Mbewa ya manyazi inafera kuuna.

Bwalo lalikuru la ndege la Kenneth Kaunda liri pa nthaka ya boma la Chongwe. Ndege zimene zinyamuka pamenepo zidzanyamula tsiku lina woyimba wina amene lero alikukunga waya pa mtengo m'mudzi wa ku Chalimbana kapena m'mbali mwa mtsinje wa Chongwe. Pa tsikulo anthu a kwao adzafunsidwa ngati anamdziwa akali kuyenda pansi, ngati anamlipira, ndi ngati analemba dzina lace. Amene atsiriza sukulu caka cino ndiwo adzayankha funsolo, ndipo nthawi yokonza yankho lao ndi ino, woyimbayo akali pakati pao. Mako ndi mako, usamuone kucepa mwendo.